Chibwano cha mwana wanga chikukhotera kumanzere, koma sakumva kuwawa

Mayi wa atsikana awiri:
Abale anga, ndabwera ndi nkhawa imene yandisowetsa tulo. Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka 14. Anabadwa bwinobwino, nkhope ili yowongoka. Dzulo ndimasanja zithunzi za mu foni, ndiye nditaika cha pamene anali ndi zaka 11 pambali pa cha mwezi uno, mtima unangoti phaa. Chibwano chapita kumanzere. Akaluma mano, mpata wa pakati pa mano akutsogolo a m'munsi sukulunjikanso ndi wa m'mwamba, wasuntha pafupifupi theka la dzino. Chotupa palibe, kuwawa palibe, amadya bwino. Amangoti akayasamula, pafupi ndi khutu la kumanja pamalira. Mwini wake anazindikira kalekale, n'chifukwa chake masiku ano akamajambulitsa amapendeketsa mutu. Ine amene ndimamuona tsiku ndi tsiku ndi amene sindinaone. Alipo anakumanapo ndi zotere? Ndi matenda kapena kakulidwe chabe?

Achimwene a pa gulu:
Mayi, mtima m'malo. Palibe munthu amene nkhope yake imafanana ndendende mbali zonse. Mwina amatafunira mbali imodzi, kapena amakonda kugonera tsaya lomwelomwelo. Muuzeni azisinthasintha, ziwongoka.

Namwino wopuma:
Achimwene, zoti nkhope zathu sizifanana ndendende n'zoona, koma mayiwa akunena zina. Akuti nkhope ikusintha, ndipo mano asuntha. Kugonera mbali imodzi kumaphwatalitsa mutu wa khanda chifukwa mafupa ake amakhala adakali ofewa, osati wa mtsikana wa zaka 14. Kutafunira kumodzi kukhoza kukulitsa mnofu wa tsaya, koma sikungakankhe chibwano chonse.

Mayi, tisanapite patali ndiyankheni izi. Zatenga zaka, kapena zafulumira m'masabata apitawa? Akamwetulira mbali zonse zikuyenda? Maso onse akutsinzina? Nanga kukamwa akutsegula mpaka pati, zala zake zitatu zitaimikidwa zikulowa pakati pa mano?

Ndikufunsa chifukwa pali zinthu zimene siziyenera kugona m'nyumba. Nkhope ikapindika tsiku limodzi, vuto si kukula kwa fupa, ndi mtsempha. Ikhoza kukhala Bell's palsy, kufooka kwa mbali imodzi ya nkhope, imene mankhwala ake amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72. Ikhozanso kukhala sitiroko, makamaka ngati mkono wafooka kapena mawu sakumveka, ndipo pamenepo ndi kuthamanga nthawi yomweyo. Chinanso ndi chotupa cha m'nsagwada chimene chikukula ukuchiona, mano n'kuyamba kugwedera. Mwa ana aang'ono timaopa khansa ya Burkitt lymphoma, imene Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Uganda. Maselo ake amawirikiza m'maola 24 mpaka 48, komabe imamva mankhwala mwana akafika msanga.

Mayi wa atsikana awiri:
Zikomo anamwino. Ndamuitana pompano tayesa. Zala zitatu zikulowa popanda vuto, kumwetulira kuli bwino, maso akutsinzina onse. Ndabwereranso m'zithunzi. Pa zaka 11 palibe kanthu, pa 12 ukayang'anitsitsa chikuoneka pang'ono, pa 13 ndiye poyera. Zayenda pang'onopang'ono.

Wogwira ntchito ya mano:
Mayi, sindingatchule matenda a mwana amene sindinamuone, koma zimene mwalembazi zikundikumbutsa chinthu chimodzi, ndiye ndikufotokozereni kuti mukapite kwa dokotala mukudziwa chofunsa.

Ikani chala kutsogolo kwa khutu, mutsegule kukamwa. Mukumva kanthu kakuyenda? Imeneyo ndi nsonga ya fupa la nsagwada ya m'munsi, madokotala amaitcha condyle. Ilipo kumanja, ilipo kumanzere. Kuwonjezera pa kukhala mfundo yotsegulira kukamwa, nsonga imeneyi ndi pamene nsagwada imakulira mwana akamakula. Mbali ziwirizi zimayenera kuyenda limodzi ngati ng'ombe ziwiri za pa goli limodzi. Ina ikathamanga, kapena ina ikaima, chibwano chimakhota.

Ndipo kumene chakhotera kumanena zambiri. Chibwano chimathawa mbali imene ikukula mopitirira, chimatsatira mbali imene yasiya kukula. Ndiye chikapita kumanzere ngati cha mwana wanu, pali njira ziwiri: kaya kumanja kukukula kwambiri n'kuchikankha, kaya kumanzere kwatsalira n'kuchikoka. Anthu ambiri amaloza mbali imene chibwano chapitako kuti ndiyo yodwala, pamene nthawi zambiri wolakwa ali tsidya linalo.

Kukula mopitirira kwa nsonga imodzi kumatchedwa condylar hyperplasia. Kawirikawiri kumayamba pa nthawi ya kutha msinkhu, kumapezeka kwambiri mwa atsikana, ndipo nthawi zambiri sikupweteka. Kukhoza kupitirira ngakhale thupi lonse litasiya kukula, mpaka zaka za m'ma 20. Mu 1986 madokotala awiri, Obwegeser ndi Makek, anasiyanitsa mitundu yake. Mtundu wina fupa limatalika cham'mbali n'kukankhira chibwano ndi mano tsidya lina. Mtundu wina mbali yonseyo imakula chotsika, nkhope n'kuoneka yaitali mbali imodzi, mlomo n'kupendekeka. Si khansa. Koma sikudziwongolanso kokha.

Kapempheni kuonana ndi dokotala wa maopaleshoni a nsagwada ndi nkhope, ndipo akamujambule X-ray ya nsagwada yonse, ija makina amazungulira mutu. Zithunzi za mu foni zija mutenge, muziike motsatana ndi zaka.

Achimwene a pa gulu:
Ndavomera, ndinayankha mopupuluma. Koma ndifunse nawo, mawaya aja amaika m'mano sangakonze?

Wogwira ntchito ya mano:
Mawaya amasuntha mano, sasuntha fupa limene likukulabe. Mukawaika nsonga ikadali pa liwiro, mano amawongoka lero, pakatha chaka akhotanso, ndipo nthawi zina mawayawo amabisa vuto mpaka opaleshoni kudzavuta. Amagwira ntchito yake, koma pambuyo podziwa kuti fupa likutani.

Bambo wa anyamata:
Amayi, funsani mwanayo ngati anagwapo n'kumenyetsa chibwano ali wamng'ono, ngakhale kalekale. Ndikunena chifukwa cha zimene zinationekera.

Wanga anagwa pa njinga ali ndi zaka 6, anafikira chibwano pansi. Tinathamanga naye kuchipatala, anasoka bala, tinabwerera kunyumba tikuthokoza kuti mano sanaguluke. Palibe anaganiza zojambula fupa, ifenso sitinadziwe zofunsa. Kunena zoona mphamvu ya kugwa kuja inadutsa m'fupa n'kukathyola nsonga ija akuitchula a mano, pafupi ndi khutu la kumanzere. Patapita zaka ziwiri tinaona kuti akudya mochedwa, akudula chakudya tizidutswa ting'onoting'ono. Pofika zaka 10 chala chimodzi chokha ndi chimene chimalowa m'kamwa, mswachi sumafika kumano akumbuyo, usiku amaliza mkonono koopsa. Chibwano chinali chaching'ono, chitakokedwera kumanzere, mbali yomwe anavulala. Madokotala anati mfundo inamatirira ku fupa la mutu, dzina lake ankylosis, ndipo anatiuza kuti mafinya a m'khutu osachizidwa bwino amathanso kuchita zomwezo.

Anamuchita opaleshoni yomasula mfundoyo. Chimene sindinayembekezere ndi chakuti ntchito yaikulu inali pambuyo pake. Tsiku lililonse kwa miyezi yambiri amayenera kutsegula kukamwa mokakamiza, akulira, ine nditamugwira mutu, chifukwa ukalekerera fupa limamatiriranso. Lero amayasamula ngati wina aliyense. Mpaka pano ndikaona mwana ali ndi bala pachibwano ndimauza makolo ake kuti akajambulitse pafupi ndi makutu.

Mayi wa atsikana awiri:
Pepani bambo, mwadutsa m'zowawa. Ndamufunsa, ndafunsanso bambo ake, palibe akukumbukira kugwa kotero. Khutunso silinatulukepo mafinya.

Wobadwa ndi khutu laling'ono:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zanga n'zosiyana ndi za mwana wanu, mayi, chifukwa ine ndinabadwa nazo, koma pa gulu lino pangakhale kholo lina limene likufuna kumva.

Ndili ndi hemifacial microsomia. Kumanja kwanga khutu linangotuluka kanyama kopanda bowo, nsagwada ndi yaifupi, tsaya ndi lolowa. Akuti pa zilema za nkhope zobadwa nazo iyi ndi yachiwiri kuchuluka, yoyamba ndi mlomo wong'ambika, ndipo imagwera mwana mmodzi mwa ana pakati pa 3,500 ndi 5,600. Khutu ndi nsagwada zimachokera pa malo amodzi mwana akamaumbika m'masabata oyambirira a mimba, n'chifukwa chake zimalephera limodzi. Ena zimakhudzanso diso ndi mafupa a msana, pamenepo amati Goldenhar syndrome, kutengera Maurice Goldenhar amene anailemba mu 1952.

Mayi anga anakhala zaka zambiri akudzifunsa kuti analakwitsa chiyani ali oyembekezera, ndipo panali anthu owathandiza kudziimba mlandu. Dokotala wina ndi amene anawakhazika pansi n'kuwauza kuti mwa ana ambiri otere sipapezeka chimene mayi anachita kapena kulephera kuchita, ndipo zimachitika nthawi imene ena sanadziwe n'komwe kuti aima. Ndinali ndi zaka 9 tsiku limenelo, ndimakumbukira mmene analirira.

Kwa makolo a mwana wotere, maso a anthu amathamangira pa maonekedwe a khutu, koma choyamba ndi kuyezetsa makutu ngati akumva. Ine ndimamva ndi la kumanzere lokha. M'kalasi ndinkakhala kumbuyo, aphunzitsi ankati ndine wamwano, pamene sindinkadziwa kuti mawu akuchokera kuti. Atandisamutsira kutsogolo, khutu labwino litaloza kwa aphunzitsi, zinasintha. Ayezenso impso, mtima ndi msana, chifukwa nthawi zina zimayendera limodzi. Khanda likamavutika kuyamwa kapena kupuma, ndiye zimenezo zimatsogola pa zonse.

Za khutu, amatha kuliumba ndi chichereweche cha m'nthiti za mwana yemweyo, koma amadikira kuti nthiti zikule, kawirikawiri kuyambira zaka 6 mpaka 10. Nsagwada amatha kuitalikitsa: amadula fupa, n'kuika kachitsulo kamene amapotokola tsiku ndi tsiku, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, fupa latsopano n'kumamera mumpatamo. Ine ndinachitidwa ya nsagwada nditakula. Khutu ndinasankha kulisiya mmene lilili, ndipo sindinong'oneza bondo.

Mayi wa khanda:
Achimwene, mwandigwira mtima. Ndiloleni ndilowetsepo langa. Mwana wanga ali ndi miyezi iwiri, makutu ali bwino onse, koma mutu umapendekera kumanja nthawi zonse, nkhope n'kuyang'ana kumanzere. Tsaya limodzi layamba kuoneka lophwatalala, ndipo m'khosi ndikumva kam'bulu kolimba. Ndi zomwezi?

Namwino wopuma:
Mwanawe, zimenezo zikumveka ngati torticollis, mnofu wa m'mbali mwa khosi ukakhala waufupi kapena wokungika. Kam'bulu kaja kawirikawiri kamakhala mu mnofu momwemo ndipo kamasungunuka pakapita miyezi, komabe kakaonetse kuti atsimikize. Nkhope imaphwatalala chifukwa mwana amagonera malo amodzimodzi. Apa ndi pamene mawu a achimwene a pa gulu aja a kugonera mbali imodzi akugwira ntchito. Ambiri amawongoka ndi mafizo akayamba msanga, ndiye usadikire kuti akhale pansi kaye. A mafizo akakuphunzitse kawongoledwe kake, usamupotokole khosi mongoganizira. Akakhala maso uzimugoneka chafufumimba iwe uli pomwepo, ndipo uzimuyankhulira mbali imene sakonda kuyang'anako. Pogona tulo, chagada basi.

Mlongo wamkulu:
Pali mtundu wina umene sunatchulidwe, ndipo unatizunguza mutu kwa zaka. Mng'ono wanga nkhope yake siinakule mopitirira, inayamba kutha. Ali ndi zaka 8 panaoneka kamzere kakuda pachipumi, kolowa m'kati ngati chipsera cha mpeni, pamene sanachekedwepo. Tsitsi la pamwamba pa mzerewo linathothoka. Kenaka tsaya la mbali yomweyo linayamba kuphwa, diso kulowa m'kati, mlomo kukwera. Ife tinkayang'ana tsaya linalo n'kumati latupa, mpaka tinkalithowa ndi madzi ofunda, osadziwa kuti limenelo ndiye labwino.

Kumene tinayamba kupita anatipatsa mafuta opaka, akuti ndi chipere. Zinatenga zaka zitatu kuti timve dzina lakuti Parry-Romberg syndrome. Dzinali ndi la madokotala awiri akale, Caleb Parry amene nkhani yake inatuluka mu 1825 ndi Moritz Romberg mu 1846. Khungu, mafuta a pansi pa khungu, nthawi zina mnofu ndi fupa, zimafota mbali imodzi. Matendawa amayamba kawirikawiri munthu asanakwane zaka 20, amayenda kwa zaka zingapo, kenaka amaima okha, koma chimene chafota sichibwerera. Akayamba mwana ali wamng'ono fupa lenilenilo limatsalira kukula. Mng'ono wangayo ankadwalanso mutu waching'alang'ala, ndipo anatichenjeza kuti ena amakomoka ngati a khunyu, choncho anamujambula ubongo ndi kumuyeza maso.

Anamuika pa mankhwala otchedwa methotrexate kuti matenda aleke kuyenda. Atakhazikika, anatenga mafuta a pamimba pake n'kuwabaya m'tsaya, kawiri, chifukwa ena amasungunuka. Chimene chimandipweteka ndi zaka zitatu zija. Tikanadziwa msanga, mwina tsaya likanatsalako lambiri.

Mphunzitsi wa sayansi:
Achemwali, nkhani yothowa tsaya labwino ija yandikhudza, ndipo ikugwirizana ndi zimene a mano ananena, kuti diso limanama pa nkhani ya mbali yodwala.

Ndiwonjezere imene ndinaidziwa chifukwa cha mwana wa mlongo wanga. Tsaya lake la m'mwamba linkakula pang'onopang'ono, lolimba gwa ngati fupa, losapweteka. Inali fibrous dysplasia. Fupa labwino limalowedwa m'malo ndi lina losakhwima, lotupa, ndipo pa sikani limaoneka ngati galasi lachifunga. Gwero lake ndi kusintha kwa jini yotchedwa GNAS kumene kumachitika mwana ataumbika kale m'mimba, ndiye sachita kutengera kwa makolo, ndipo iye sangapatsire ana ake. Nthawi zambiri kumachepa mphamvu munthu akamaliza kukula. Madokotala sanathamangire mpeni, ankangomuyeza maso kawirikawiri chifukwa fupa likakula pafupi ndi mtsempha wa diso likhoza kuupana. Anafunsanso ngati ali ndi mawanga a bulauni pakhungu kapena zizindikiro za kutha msinkhu msanga, poti zikakumana zitatuzi amati McCune-Albright syndrome.

Namwino wopuma:
Aphunzitsi mwakumbutsa za mawanga. Mawanga otero akachuluka, pamodzi ndi chotupa chofewa cha pankhope kapena pachikope, amaganiziranso neurofibromatosis, matenda a zotupa zomera pa mitsempha. Ndipo alipo ana amene amabadwa mbali imodzi ili yaikulu yonse, tsaya, theka la lilime, ngakhale mano a mbali imeneyo amakhala akuluakulu ndipo amamera msanga. Ngati mkono kapena mwendo wa mbali yomweyo ulinso waukulu, mwana amafunika sikani ya pamimba miyezi itatu iliyonse mpaka zaka 7 kapena 8, chifukwa ana otere ali pa chiopsezo cha chotupa cha impso chotchedwa Wilms. Koma tisawachulutsire mayi athu mayina. Zawo zikuloza ku nsagwada, apite akajambulitse.

Mayi wa atsikana awiri:
Ndawerenga zonse kawiri. Mawanga alibe, tsaya silinaphwe, lilime ndi mano n'zofanana kukula. Tapeza tsiku loonana ndi dokotala. Ndidzabwera kudzakuuzani.

Mayi wa atsikana awiri:
Abale, ndabweranso, papita masabata atatu. Koyamba kumene tinapita anangomuyang'ana n'kunena kuti ndi mmene anabadwira. Ndinatulutsa zithunzi zija, cha zaka 11, 12, 13 ndi 14, ndinaziyala motsatana. Anakhala chete, kenaka analemba kalata yotitumiza kwa dokotala wa nsagwada. X-ray yaonetsa kuti khosi la nsonga ya kumanja ndi lalitali kuposa la kumanzere. Akuti ndi condylar hyperplasia, monga munaganizira a mano. Ine ndinali nditakonzeka kumva za kumanzere, poti n'kumene chibwano chili, ndiye mawu anu aja anandithandiza kumvetsa msanga.

Tsopano akufuna kudziwa ngati nsongayo ikukulabe. Atchula sikani ina ya mafupa, amabaya kaye mankhwala m'mtsempha. Apa ndi pamene ine ndi bambo ake tasiyana maganizo. Iwo akuti tidikire mwana amalize kukula, opaleshoni ya pankhope si masewera. Ine ndikuona mmene mwanayu akudzibisira. Tichite bwanji?

Wogwira ntchito ya mano:
Mwachita bwino kuumirira ndi zithunzi. Sikani imeneyo imatchedwa SPECT. Mankhwala amene amabayawo amakaunjikana pamene fupa likupangidwa kwambiri, ndiye amayerekeza mbali ziwirizo. Kusiyana kukafika 10 pa 100 alionse, monga kumanja 55 kumanzere 45, amati nsonga ikukulabe. Kumene sikaniyi kulibe, amayeza ndi X-ray ndi zikombole za mano, n'kubwereza pakatha miyezi 6 kapena chaka kuti aone ngati zasuntha.

Pa kusiyana kwanu ndi bambo, onse muli ndi mfundo, ndipo sikaniyo ndi imene ikuweruzeni. Ngati nsonga yaima, bambo akulondola: palibe chothamangira, amadikira kukula kuthe, kenaka mawaya, ndi opaleshoni yowongola nsagwada ngati ikufunika. Koma ngati ikukulabe, ine ndili mbali yanu, mayi. Kudikira pamenepo kuli ndi mtengo wake, chifukwa nsagwada ya m'mwamba imayamba kupendekeka potsatira ya m'munsi, ndipo chimene chikanakonzedwa pa fupa limodzi chimadzafuna mafupa awiri. Opaleshoni yake amasenga mamilimita ochepa pamwamba pa nsonga, pamene pali mphukira ya kukula, kuti iime. Ili ndi zoopsa zake, poti mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pafupi, ndiye mukafunse dokotalayo kuti waichitapo kangati ndipo mafizo a pambuyo pake adzayenda bwanji. Bambo apite nawo tsiku limenelo akamve okha.

Wobadwa ndi khutu laling'ono:
Mayi, mwatchula maganizo anu ndi a bambo ake. A mwini nkhope ndi otani? Ine ndili mwana, za maopaleshoni anga zinkakambidwa ndili pomwepo ngati mpando. Pa zaka 14 akumva zonse. Muloleni afunse dokotala mafunso ake, ngakhale inu mutatuluka panja.

Mayi wa atsikana awiri:
Achimwene, mwandichititsa manyazi, koma mwanena zoona, sindinamufunse. Usiku uno takhala pansi awiri. Akuti opaleshoni sakuiopa kwenikweni, chimene amaopa ndi chakuti chibwano chizingopitabe osaima, ndipo palibe amamuuza kuti chidzaima liti. Wafunsanso ngati mng'ono wake nayenso zidzamuchitikira. Talemba mafunso onse awiri pa pepala, akafunsa yekha. Sikani ili pa 19 mwezi wamawa, bambo ake avomera kupita nafe.

Bambo wa anyamata:
Podikira tsikulo muzimujambula kamodzi pa mwezi, malo amodzimodzi, ataluma mano akumbuyo, milomo itatseguka kuti mpata wa mano uoneke. Dokotala wa mwana wanga ankakonda zithunzi zotero kuposa zofotokoza pakamwa.

Mayi wa atsikana awiri:
Tayamba lero m'mawa, pakhoma loyera la kuchipinda kwake. Wajambulitsa chamaso, mutu osapendeketsa, ndipo wati chithunzicho chikhale mu foni yake, osati yanga.